Zipsera za Mwezi

Ana anga, Tiyamike ndi Chisomo, za ubwana wanga sindilemba. Azakhali anu ku Ntcheu akuzidziwa kuposa ine, ndipo amazifotokoza mokometsera. Ine ndiyambira pa ntchito, pakuti ndi ntchito imene inandilekanitsa nanu. Komanso iwe Tiyamike unandifunsa funso pa foni chaka chatha, ine n'kunamizira kuti mawu akudukaduka. Unati, "Ababa, basi ija munaisiyiranji?" Ndinamva bwinobwino. Yankho lake ndi lino.

Benoni, 1995

Ndinafika ku Joni ndi chikwama chimodzi, Baibulo la malemu agogo anu, ndi dzina la munthu wakwathu amene ndinapeza atasamuka kalekale. Amayi anu, Nangondo, ndinawasiya kumudzi iwe Tiyamike uli kumsana. Ambuye anandichitira chifundo, patapita miyezi itatu ndinapeza ntchito yosamalira maluwa ku Benoni, kwa mzungu wina dzina lake bwana Diriki. Iyeyu anagwirapo ku migodi, koma pa nthawiyo anali ndi kakampani kakekake m'galaja: galimoto imodzi yakale yonyamula katundu, imene kuno amati baki, mapepala ambirimbiri, ndi bokosi loyera lokhala ndi chogwirira ngati sutikesi. Tsiku lina anandiyang'anitsitsa ndikuwokera mbande za tomato, nati, "Wilisoni, manja akowo sanjenjemera. Mawa usavale gambutsi zakudimba, tikupita kutchire."

Bokosi lija ndilo linakhala ntchito yanga zaka makumi awiri. M'kati mwake munali kachitsulo kolendewera pa sipuling'i yopyapyala kuposa tsitsi. Dziko limakoka chinthu chilichonse kuti chitsike pansi, koma silikoka mofanana paliponse. Pamene pansi pali mwala wolemera, limakoka mowonjezera pang'ono. Pamene pansi pali mphako, limakoka mochepa pang'ono. Kusiyanako munthu sangakumve m'thupi, koma kachitsulo kaja kamakumva. Tinkakhoma zikhomo m'mizere, ndipo pa chikhomo chilichonse ndinkagwada, kuika bokosi pa kambale kachitsulo, kuwongola timathovu tiwiri ta levulo toonetsa ngati bokosi lapendekeka, kusuzumira pa kagalasi, n'kupotokola pang'onopang'ono mpaka kamzere kam'kati kataima pamalo pake. Kenako kulemba nambala ndi nthawi. Lole ikamadutsa, umadikira. Ngakhale kusuntha bondo kunali koletsedwa.

Lamulo lalikulu linali limodzi. Chikhomo choyamba cha tsikulo tinkachitcha besi, ndipo pakapita maola awiri tinkabwererako kukayezanso, ndipo madzulo tinkatsekera pomwepo. Poyamba zinkanditopetsa. Ndinati, "Bwana, apa tayeza kale m'mawa. Kodi nthaka yasamuka?" Iye analoza kumwamba, dzuwa lili paliwombo, nati, "Nthaka ayi. Mwezi." Ndinaganiza kuti akundiseka. Koma anandifotokozera kuti mwezi, ngakhale sukuoneka, umakoka nyanja, umakoka nthaka imene taimapo, umakokanso kachitsulo ka m'bokosi, ndipo kukokako kumasintha ola ndi ola. Sipuling'i nayonso imatopa. Ukapanda kubwerera pomwe unayambira, sungadziwe kuti pa nambala yako gawo la nthaka ndi liti, gawo la mwezi ndi liti. Kamodzi ku Springs mvula inatipeza titatsala ndi besi yokha, ine n'kunyamula bokosi kuthawira m'galimoto. Bwana sanakalipe. Anangotenga pensulo n'kudula tsamba lonse ndi mzere umodzi, zikhomo makumi atatu, nati, "Tsiku losatseka ndi tsiku lotaya." M'mawa mwake tinayambiranso.

Reiger Park, 1999 mpaka 2007

Amayi anu anabwera mu 1999, tinapeza mkhukhu wa malata m'mbali mwa Reiger Park, ndipo iwe Chisomo unabadwira mmenemo. Zaka zimenezo ndizo zonona za moyo wanga, ngakhale pamenepo sindinkadziwa. Ntchito inkatitengera ku Brakpan, ku Boksburg, ku Katlehong, ku Vosloorus. Kwina tinkafunafuna ngalande za migodi yakale zimene mapu ake anatayika. Kwina tinkafuna mphako za m'mwala wa dolomaiti, umene madzi amaudya chamumtima mpaka tsiku lina nthaka ingotitimira ndi nyumba yomwe. Asanamange sukulu kapena msewu, ankayamba atiitana.

Chosowa chathu chachikulu chinali mabatire. Bokosilo limafuna kukhala lofunda usana ndi usiku, likazizira limatenga masiku kuti likhazikikenso. Batire ikafooka m'nyengo yachisanu ndinkavula jekete langa kulifunditsa, n'kukoka waya kuchokera ku baki. Amayi anu atamva zimenezi analipatsa dzina. Ndikafika kunyumba ndikunjenjemera ankati, "Bwanji, mkazi mnzanga wawalandanso jekete? Ine ndinakwatiwa pa mitala osadziwa." Ndipo poona mawondo a buluku langa atang'ambika ankati, "Bambo a Tiya, mukanamagwadira Mulungu mmene mumagwadira mkazi mnzangayu, bwenzi mutakwera kumwamba ndi thupi lomwe." Ndinali mkulu wa mpingo pa kagulu kathu ka Amalawi kamene kankapemphera m'kalasi ya sukulu, koma mawu amenewo ndinkangowaseka.

Chaka china ntchito inatifikitsa ku Vredefort, kum'mwera chakumadzulo kwa Joni. Bwana anaimitsa galimoto n'kundionetsa mapiri amene miyala yake inaima chiriri, pomwe imayenera kugona. Anati kalekale, kusanakhale munthu, chimwala chachikulu ngati phiri chinagwa kuchokera kumwamba n'kumenya pamenepo, nthaka n'kupindika ngati mbale, ndipo miyala ya golide inapendekeka n'kukwiririka, ndiye chifukwa chake mvula sinaikokolole. M'mphepete mwa mbaleyo ndimo muli Joni. Nkhaniyi inandisautsa masiku angapo, chifukwa sindinaiwerengepo m'Malemba. Koma ndinadzifunsa kuti, Iye amene anapachika nyenyezi, kuponya mwala umodzi kungamukanike? Nditawafotokozera amayi anu kuti tonse, azungu, Azulu, Amalawi, tinasonkhana kuno chifukwa cha mwala umodzi, iwo anangoti, "Ndiye mwala umenewo ndi umene unandilanda mwamuna zaka zinayi. Ukadagwera ku Ntcheu."

Meyi, 2008

Za masiku amenewo iwe Tiyamike ukukumbukira, unali ndi zaka khumi ndi zinayi. Chisomo mwina ukungokumbukira utsi. Anthu amene tinkatunga nawo madzi pampopi umodzi anabwera ndi zibonga akufuula kuti makwerekwere, kutanthauza ife obwera, achoke. Tinathawa masana dzuwa likuswa mtengo, amayi anu atanyamula Baibulo ndi bulangete limodzi. Titacheuka, mkhukhu wathu unali moto. Bwana Diriki anatifunafuna mpaka anatipeza pabwalo la polisi, natitengera m'galaja mwake ku Benoni. Tinagona mmenemo sabata ndi theka, bokosi loyera lili pambali pathu, kanyali kake kakuyaka. Amayi anu, ngakhale mtima unali utasweka, analiyang'ana n'kuti, "Taonani, nyumba yakupsa ndi yanga, ya mkazi mnzanga ili bwinobwino."

Tsono mumve mmene zinthu zinalili ku ntchito. Bwana anali ndi matenda a shuga, ndipo maso ake anali atayamba kuchita khungu. Kamzere ka m'kagalasi sankakaonanso. Manambala onse a chaka chimenecho ndinkawerenga ndine, iye ankangowerengera ndi kujambula mapu pogwiritsa galasi lokulitsa. Chipwirikiti chisanayambe tinali pakati pa ntchito pa sukulu ina ya pulaimale cha ku Katlehong, kumene khoma linang'aluka ndipo chitseko china chinasiya kutsekeka. Tinali titayeza bwalo la mpira ndi kumaofesi. Inatsala mizere itatu, ndipo mizereyo inkadutsa m'mbali mwa makalasi a tiana toyamba kumene. Manambala omaliza amene ndinalemba, cha kufupi ndi makalasiwo, anali atayamba kutsika.

Kenako kunamveka kuti kwapezeka mabasi otengera Amalawi kwawo. Tinalembetsa mayina anayi. M'mawa wa tsiku lonyamuka bwana anatiperekeza pa baki, ndipo njira yonse sanatchule za sukulu. Ndikuchitira umboni pamaso pa Mulungu, munthu uja sanandipemphe kuti nditsale. Anangondigwira dzanja nati, "Pita bwino, madala." Koma nditaika phazi pa sitepe ya basi, manambala aja anandibwerera m'mutu. Ndinawakokera amayi anu pambali.

"Mayi a Tiya, tsogolani ndi ana. Ine ndibwera pakatha masabata awiri."

"Mwati chiyani?"

"Mizere itatu yokha. Bwana saona. Akafuna munthu wina ndi bokosi lina, papita miyezi, ndipo pansi pa tiana tija pali chinachake."

"Tiana ta eni ake amene atiwotchera nyumba?"

"Tiana sitinawotche nyumba."

Anamanganso chitenje chimene chinali chomanga kale. Kenako anati, "Bambo a Tiya, ine ndimakudziwani. Inu mukagwada pa chikhomo chimodzi mumaona chinzake kutsogolo. Masabata awiri anuwo ndikuwadziwa."

"Ndikulonjeza."

"Musalonjeze, mungachimwe. Ingobwerani."

Dalaivala analiza hutala. Iwe Tiyamike unali pa windo, sunandibayibitse. Mpando wanga anakhalapo mayi wina wa ku Mangochi amene analibe malo.

Mizere itatu ija ndinaimaliza m'masiku asanu, bwana akundidikira m'galimoto injini ili chilirire, chifukwa mantha anali asanathe. Manambala anatsikadi, ndipo pa mapu panaoneka chidikha pansi pa ngodya ya makalasi. Kunabwera anthu ndi makina oboola, ndipo ataboola pang'ono chitsulo chinangopita chokha, chopanda chochigwira. Ana anawasamutsa sabata yomweyo, makalasiwo anawagwetsa. Mayi wamkulu wa sukuluyo anandigwira manja onse awiri, nandifunsa kwathu. Nditati ku Malawi, anayang'ana pansi nthawi yaitali.

Masabata awiri amenewo sindichita nawo manyazi, ndipo ndikadzaima pa chiweruzo ndidzawatchula. Koma ana anga, sukulu ija ikungoyankhira masabata awiri okha. Itatha, kunabwera ntchito ya chipatala, kenako ya msewu, kenako ya nyumba za boma. Nthawi iliyonse ndinkati ndikatseka iyi ndinyamuka. Ndinkadziuza kuti ndikudyetsa banja, ndipo zinali zoona, koma choona china n'chakuti kuno ndinali munthu amene maso ake amadaliridwa, pomwe kumudzi ndikanakhala mtchona wobwera ndi bulangete limodzi. Kunyada kumadziwa kuvala malaya a udindo. Ndinabwera kamodzi kokha, Khirisimasi ya 2009, masiku asanu ndi anayi. Pondiperekeza pa msewu amayi anu anati, "Mwabwera kudzangoyeza pa besi, eti? Kutseka ayi." Anaseka, koma maso sanaseke.

Amayi anu anamwalira mu 2011, mvula yoyamba itangogwa. Foni inandipeza nditagwada pa chikhomo ku Vosloorus. Pasipoti yanga inali ku ofesi kudikira chilolezo chatsopano, ndipo maliro a kwathu sadikira munthu wa ku Joni. Inatuluka patapita milungu isanu ndi umodzi. Pamenepo chondiletsa panalibe, koma ndinaopa maso anu, ndinaopa maso a alamu anga, ndinaopa mulu wa dothi. Chaka chinatha, china n'kutha. Manyazi akakhalitsa amasanduka nyumba, munthu n'kumagonamo.

Benoni, 2013

Pofika chaka chimenechi bwana anali wakhungu ndithu. Ntchito zinkachepa, ndipo masiku ena ndinkangopita kukamuwerengera makalata. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza pakhonde ali ndi pepala lalikulu lokulunga, limene mwana wake anamutumizira kuchokera kunja. Anali wosangalala ngati mwana wa sukulu. Anati, "Wilisoni, tambasula. Anthu atumiza timakina tiwiri kukazungulira mwezi, kamodzi kutsogolo kena kumbuyo, ndipo timakinato tachita ntchito yathu yomweyi, kuyeza kukoka, popanda kugwada. Awa ndi mapu ake. Ndibwereke maso ako."

Ndinatambasula patebulo, n'kutsamiritsa ngodya zake ndi makapu. Unali mwezi, koma wopakidwa mitundu ngati mapu athu: kofiira pokoka kwambiri, kobiriwira ngati thambo pokoka pang'ono.

"Ukuona chiyani?"

"Mawanga, bwana. Thupi lonse ngati munthu wodwala nthomba."

"Siya ang'onoang'ono. Pita pa aakulu."

"Pali ena aakulu ozungulira. Pakati pofiira kwambiri. Kenako mkombero wobiriwira. Kenako kunja kwake mkombero wina wofiira. Ngati diso la nkhuku."

Anamenya tebulo mpaka kapu inagwa. "Eya! Pamenepo ndi pomwe panagwa miyala ikuluikulu, ngati wa ku Vredefort uja, ina yoposa pamenepo."

Ine ndinati, "Bwana, pepani, apa alakwitsa. Mwala ukagwa umakumba dzenje. Dzenje ndi malo opanda kanthu. Ine zaka zonsezi ndikapeza dzenje nambala imatsika. Pakatipa pamayenera kukhala pobiriwira. Kapena sanatseke pa besi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandifotokozera, akujambula ndi chala patebulo. Mwezi uli ndi khungu la miyala yopepuka, ndipo pansi pa khungulo pali miyala yolemera. Mwala waukulu ukamenya, umang'amba khungu n'kulimwaza m'mbali, ndipo pakati pamatentha mpaka miyala kusungunuka. Tsono zolemera za m'kati zimakwera kudzadzaza balalo. Khungu lomwazika lija limaunjikana mozungulira, ndiwo mkombero wopepuka. Kenako zonse zimazizira n'kuuma zili chomwecho, zolemera zitakwera pamwamba pomwe sizinayenera kukhala. Pa mabala ena panadzatulukanso chiphala chakuda n'kudzaza dzenjelo, ndiwo mawanga akuda amene timawaona ndi maso tili pansi pano. Anati, "Ndiye pamene unamenyedwa kwambiri ndi pamene umakoka kwambiri. Akale atayamba kutumiza makina awo kumeneko ankadabwa, makinawo akadutsa pamwamba pa malo amenewa ankapatuka panjira, kukokeredwa pansi, osadziwa chikuwakoka n'chiyani."

Ndinafunsa kuti, "Nanga mabalawo sapola?"

"Kuno kwathu mvula ndi mphepo zimafafaniza. Vredefort uja watsala chitsa chokha. Koma ku mwezi kulibe mvula. Chimene chinachitika chimakhala."

Ndinapita kuseri kwa galaja kumene tinagona masiku aja, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire mu 2011. Pakuti ndinkaganiza kuti imfa ya amayi anu inasiya dzenje mwa ine, malo opanda kanthu, ndipo ndinkadabwa kuti chinthu chopanda kanthu chingalemere bwanji chotere. Ndikakwera takisi ya ku Germiston n'kumva mayi wina akukalipira mwana m'Chichewa, ndinkapitirira potsikira panga. Ndikamva fungo la mvula yoyamba, manja osanjenjemera aja ankanjenjemera. Tsiku limenelo ndinadziwa chimene chinkandipatutsa panjira. Yakobo wa m'Malemba uja anatsimphina moyo wake wonse pa malo amene anakhudzidwa, ndipo sindikhulupirira kuti ankapempha kuti kutsimphinako kuchoke.

Elsburg, lero

Bwana anamwalira mu 2016. Bokosi analigula anthu ena, ndipo ndinamva kuti analiika pa shelefu, chifukwa makina a masiku ano amawerenga okha. Ndinagwirako kwa anyamata ena monga wokhoma zikhomo mpaka mawondo anakana. Tsopano ndimakhala m'kachipinda kakuseri kuno ku Elsburg, ndipo Lamulungu ndimayenda pang'onopang'ono kupita kukapemphera. Mapu a mwezi aja mkazi wa bwana anandipatsa, ali pakhoma. Masiku ena m'mawa mwezi umatsalira pamwamba pa mafakitale a ku Wadeville, wotuwa ngati phulusa, mawanga ake akuoneka. Amati nthawi zonse umatilozetsa nkhope imodzi yomweyo. Ndiye kuti zipsera zimene ndimaona ine ndi zomwezo mumaona inu pa Ntcheu. Subisa, ndipo Mulungu sanauchotse kumwamba chifukwa cha zimenezo.

Tiyamike, wafunsa chifukwa chimene ndinasiyira basi. Ndinaisiya chifukwa cha tiana ta eni, ndipo pa chimenecho usandikhululukire, palibe cholakwa. Koma mabasi ena onse amene ananyamuka pambuyo pake ndinawasiya chifukwa cha kunyada, kenako chifukwa cha manyazi, ndipo pa amenewo ndikupempha chikhululukiro kwa iwe ndi mng'ono wako, monga ndinapempha kale kwa Ambuye.

Ndili ndi kabuku kamodzi ka kutchire kamene kanatsala kosalemba. Pa tsamba loyamba ndalemba besi yanga: mwala wa pakhomo pa amayi anu, pamene anaima ndi iwe kumsana tsiku limene ndinanyamuka mu 1995. Pansi pake ndalemba zikhomo zonse, Benoni, Springs, Reiger Park, Katlehong, Vosloorus, Elsburg. Mzere womaliza ulibe kanthu. Ndikapanda kuudzaza, sindidzadziwa kuti pa zaka zonsezi gawo la Mulungu linali liti, gawo la kunyada kwanga liti, ndipo Mwini ntchito angadzadule tsamba lonse ndi mzere umodzi.

Tikiti ndagula, ya ulendo umodzi, mvula ikangotha. Sindikupempha kuti mudzandichingamire pa msewu, njira ndikuikumbukira. Koma kumanda sindikudziwa pamene amayi anu anagona. Ndikupempha iwe Tiyamike, amene unalipo, udzanditsogolere, udzangoloza ndi chala. Ukafuna usadzalankhule nane. Mawondo ndi oipa, koma kugwada kumodzi kwatsalamo.